MBIRI YA CIUNO CA CITSULO

Munthu ali yense wogwira nchito pa mgodi adziwa cimene cioneka pa gudumu la ngolo likasowa girizi. Liyamba kulira, kenaka litentha, ndipo potsiriza citsulo cidyeka, gudumu liima. Makaniko abwera ndi sipanala yace, acotsa beringi yakutha, naikapo yatsopano, ndipo ngolo ibwerera pa njanje. Kuyambira kale anthu analakalaka kuti thupi la munthu likadakonzeka motero, pakuti m'thupi namonso muli mfundo zimene zidyeka. Nkhani ino ndiyo mbiri ya m'mene madotolo anaphunzirira kucotsa mfundo yodwala ya m'ciuno ndi kuikapo ina ya citsulo ndi pulasitiki. Nchitoyi inawatengera zaka zoposa 130, ndipo odwala ambiri anabvutika pa njira cisanapezeke coyenera.

Mfundo ndi nthenda yace

Pamwamba pa pfupa la nchafu pali mutu wobulungira, waukuru ngati ndimu. Mutuwo ukhala m'kacikho ka pfupa la ciuno, nuzungulira m'menemo munthu akamayenda. Mutu ndi kacikho zonse zakutidwa ndi cicerewecere, ndico coyera cosalala cija cioneka pa nsonga ya pfupa la mbuzi kapena la nkhuku, ndipo pakati pace pali timadzi toterera ngati therere. Pa phazi liri lonse limene munthu aponda, mfundo iyi isenza katundu woposa kulemera kwa thupi lace kawiri kapena katatu.

Nyamakazi ndi dzina limodzi, koma nthenda zace nzambiri. Yofala koposa ndiyo kudyeka kwa cicerewecere cifukwa ca ukalamba, kunenepa, kubvulala kwa kale, kapena nchito yolemetsa. Ina ndi ija thupi liukira mfundo zace zomwe, zala ndi maondo nizitupa. Cifuwa cacikuru naco cikhoza kulowa m'ciuno ndi kuononga mfundo. Cobvuta ncakuti cicerewecere cilibe mitsempha ya magazi, cotero cikatha sicimeranso. Pamenepo pfupa likhulana ndi pfupa linzace. Munthu atsimphina, alephera kuwerama kuti amange nsapato, ndipo usiku sapeza mbali yogonera. Anthu a m'migodi aidziwa bwino nthendayi. M'caka ca 2009 boma la Britain linabvomereza kuti nyamakazi ya m'maondo ndi nthenda ya pa nchito kwa iwo amene anakumba malasha pansi zaka khumi kapena kuposa, cifukwa ca kugwada ndi kunjuta masiku onse.

Nthendayi ndi yakale ngati munthu yemwe. M'caka ca 1908, m'phanga la ku La Chapelle-aux-Saints ku France, anafukula mafupa a mwamuna wa mtundu wakale wochedwa Neanderthal. Katswiri wina, Marcellin Boule, anamjambula ngati munthu woyenda cowerama, maondo opindika, ndipo kwa zaka zambiri dziko linakhulupirira kuti anthu onse a mtundu umenewo anayenda motero. M'caka ca 1957 akatswiri ena awiri, Straus ndi Cave, anayang'ananso mafupawo, naona kuti mwini wace anali wodwala nyamakazi yoopsya ya msana.

Oyamba kuyesa

M'caka ca 1826, ku Philadelphia m'dziko la America, dotolo John Rhea Barton analandira mnyamata wogwira nchito pa sitima ya pamadzi, amene ciuno cace cinauma atagwa. Mankhwala ogonetsa munthu pa opareshoni anali asanadziwike, pakuti anayamba m'caka ca 1846. Cotero mnyamatayo anali maso pamene Barton anaceka pfupa la nchafu ndi sowo, natsiriza nchito yonse pa mphindi zisanu ndi ziwiri. Pambuyo pace ankagwedeza mwendowo kawirikawiri kuti pfupa lisalumikizanenso, koma pakhale mfundo yatsopano pamalo pocekapo. Mnyamatayo anayendadi ndi ndodo, koma patapita zaka zisanu ndi cimodzi mwendo unaumanso.

Madotolo ena anayesa kuika kanthu pakati pa mafupa awiri okhulana: mnofu, mafuta a m'thupi, golide wopsyapsyala, ngakhale cikhodzodzo ca nkhumba. Zonsezi zinkatha msanga.

Woyamba kupanga mfundo yathunthu anali Themistocles Gluck wa ku Berlin. Pa zaka zimene minyanga ya njobvu inali kucoka m'maiko a pakati pa Africa pa mapewa a amtengatenga, iye anasema mnyanga, naupanga bondo m'caka ca 1890, ndipo caka cotsatira anafotokoza za mutu ndi kacikho ka m'ciuno. Nzeru yace inali yabwino, koma anaika mfundozo mwa anthu amene mafupa ao anali atadyedwa kale ndi cifuwa cacikuru. Mabala anacita mafinya, minyanga inacotsedwa, ndipo anzace anamtsutsa kolimba kufikira analeka.

Ku Boston kunali dotolo wobadwira ku Norway, dzina lace Marius Smith-Petersen. Tsiku lina anacotsa kaphale ka galasi kamene kanakhala nthawi yaitali mu msana wa munthu, naona kuti thupi linakakuta ndi kakhungu kosalala. Anaganiza kuti akabveka mutu wa pfupa cipewa ca galasi, thupi lidzameretsa cosalala cotere pansi pace. Anayesa m'caka ca 1923, koma galasi linasweka m'thupi polemedwa. Anayesa zina kwa zaka khumi ndi zisanu, kufikira dotolo wace wa mano anamuuza za citsulo cosacita dzimbiri cimene ankapangira zogwirizira mano, dzina lace Vitallium. Gawo lalikuru la citsulo cimeneci ndi cobalt, mwala womwewo umene utuluka pamodzi ndi mkuwa ku Nkana ndi ku Katanga. Kuyambira 1938 cipewa ca Vitallium cinathandiza anthu ambiri, ngakhale ena ululu sunawathere.

Caka comweco ca 1938, ku London, Philip Wiles anaika mutu ndi kacikho zonse za citsulo, nazimanga ku pfupa ndi mabauti. Zinakhwefuka. Itatha nkhondo yaciwiri, m'caka ca 1946, abale awiri a ku Paris, Robert ndi Jean Judet, anapanga mutu wa pulasitiki yolimba yoonekera ngati galasi. Unachuka msanga, nuikidwa mwa anthu ambiri, koma posacedwa unayamba kudyeka ndi kuthyoka. Tsono pofika zaka za m'ma 1950 mabvuto anali atatu, ndipo palibe anawagonjetsa onse pamodzi: kupeza cinthu cosadyeka, kucimanga ku pfupa kuti cisagwedere, ndi kutsekereza tizirombo.

Ciuno colira

John Charnley anabadwa m'caka ca 1911 ku Bury, m'cigawo ca Lancashire ku England, dziko la migodi ya malasha ndi mafakitale oombera nsaru. Pa nkhondo yaciwiri anatumikira ngati dotolo wa asilikari ku Egypt, kumene anayang'aniranso nyumba yosulira zitsulo zocirikiza miyendo ya obvulala. Anali munthu wokonda makina, wokhala nao makina osemera citsulo kunyumba kwace, ndipo zida zambiri ankazipanga ndi manja ace.

Tsiku lina ku Manchester kunabwera munthu amene anaikidwa mutu wa pulasitiki wa abale a Judet. Dandaulo lace linali lakuti ciuno cace cinkalira pogwedezeka, kotero kuti mkazi wace sanafune kukhala naye pafupi. Wina akadangoseka, koma Charnley anamva kulirako monga makaniko amvera gudumu. Cinthu cikalira ndiye kuti cikukhulana; ndipo cikakhulana kolimba cigwedeza pamene camangidwa. Anayamba kuyesa mfundo za nyama ndi za anthu m'cipinda coyeseramo, napeza kuti cicerewecere citerera kuposa zitsulo ziwiri zothiridwa mafuta. Anapezanso kuti timadzi ta m'mfundo sititereretsa citsulo kapena pulasitiki monga titereretsa cicerewecere. Cotero panafunika cinthu coterera pa cokha, cosadalira girizi.

Kuti agwire nchitoyi popanda comsokoneza anasamukira ku cipatala ca kumudzi, ca Wrightington, pafupi ndi mzinda wa migodi wa Wigan. Kale cinali cipatala ca odwala cifuwa cacikuru, koma mankhwala atsopano atafika mabedi ambiri anatsala opanda anthu.

Kumeneko anakonza zinthu ziwiri zimene zakhala kufikira lero. Coyamba ndico simenti ya mafupa. Katswiri wa zipangizo za mano ku Manchester, Dennis Smith, anamsonyeza phala la pulasitiki limene liuma pa mphindi zocepa. Charnley analithira m'mphako ya pfupa la nchafu, nazikamo cogwirira ca citsulo ca mutu watsopano. Simentiyo siimata ngati ulimbo. Idzaza mipata yonse monga konkire yothiridwa pozungulira nsanamira, kuti katundu agawanike pa pfupa lonse. Caciwiri ndico kucepetsa mutu. Anzace onse ankapanga mutu waukuru wolingana ndi wacibadwidwe, koma iye anaucepetsa kufikira mamilimita 22, osakwana inchi imodzi. Cifukwa cace adzacimva ali yense wodziwa sipanala: yaitali imasula nati mosabvuta, yaifupi siitha. Mutu waukuru ukoka kacikho ngati sipanala yaitali, nukagwedeza. Waung'ono suukoka kwambiri, ndiponso usiya malo akuti kacikho kakhale kocindikala.

Tsoka la Teflon

Kacikho kameneka anakapanga ndi Teflon, pulasitiki yoterera koposa zonse zodziwika nthawi imeneyo. Poyamba zinaoneka zodabwitsa. Anthu amene anabwera pa macira anatuluka akuyenda, ululu utatha, ndipo m'caka ca 1961 Charnley analemba za opareshoni yace yatsopano m'magazini ya madotolo yochedwa The Lancet. Anaika Teflon mwa odwala pafupifupi 300.

Patapita caka cimodzi kapena ziwiri anayamba kubwerera mmodzi mmodzi. Mutu wa citsulo unali kuboola kacikho monga musi udya mtondo. Coipa koposa, tizidutswa ta Teflon tinautsa mkwiyo wa thupi, pozungulira mfundo panadzaza zoyera ngati phala, ndipo pfupa lenileni linali kusungunuka. Awa anali anthu amene anamkhulupirira, ndipo dzanja limene linawapweteka linali lace.

Apa mpamene paoneka mtima wa munthuyu. Sanabise, ndipo sanakankhire mlandu kwa wina. Anawatsegulanso odwalawo mmodzi mmodzi ndi kucotsa cimene anaikamo. Pofuna kutsimikiza kuti coipa ndi Teflon yomwe, anaika tizidutswa tace pansi pa khungu la nchafu yace ya iye mwini, ndipo pamalopo panatupa zotupa zolimba. M'caka ca 1963 analembera magazini yomweyo kucenjeza madotolo onse kuti asaike cinthuci m'mfundo za anthu.

Mmisiri amene sanamvere

Cipulumutso cinadzera kwa munthu wosakhala dotolo. Charnley anali ndi mmisiri wacinyamata, Harry Craven, amene ankasema tizikho ndi kupanga makina oyesera kudyeka kwa zinthu. M'caka ca 1962 pa cipatalapo panafika munthu wamalonda wogulitsa magiya a pulasitiki a makina oombera nsaru. Pulasitikiyo inali mtundu wolimba wa polyethylene, wopangidwa ku Germany. Craven anapempha kacidutswa, nakaonetsa kwa bwana wace. Charnley anakakanda ndi cikhadabo, naona kuti kalembeka, namuuza kuti angotaya nthawi.

Craven sanatsutse, komanso sanataye kacidutswako. Anakaika pa makina ace, nawasiya akuyenda usana ndi usiku pamene bwana anali pa ulendo ku Copenhagen. Charnley pobwera anaitanidwa kuti adzaone. Patatha masabata atatu pulasitiki yatsopanoyo inali isanadyeke ngakhale pamlingo umene Teflon inkadyeka pa tsiku limodzi. Munthu wonyada akadakwiya kuti wanchito wace sanamvere. Charnley anabvomera kuti analakwa, nayesanso cinthuco pa nchafu yace, ndipo sicinatupitse. Mu November 1962 anaika kacikho koyamba ka polyethylene mwa wodwala. Mwezi umenewo ndiwo uwerengedwa ciyambi ca ciuno copanga ca masiku ano.

Panatsala mdani wacitatu, ndiye tizirombo. Tikakhala pa citsulo kapena pa simenti, magazi safikapo kuti atiphe, ndipo kawirikawiri mfundo yonse iyenera kuzulidwa. Pa zaka zoyamba, mwa odwala 100 ali onse, pafupifupi asanu ndi anai ankacita mafinya. Charnley anaganiza kuti tizirombo tambiri tigwa kucokera mu mpweya ndi pa matupi a ocita opareshoni. Anaitana Hugh Howorth, amene kampani yace inkapanga zosefera mpweya m'mafakitale ofulira mowa, namanga naye kacipinda m'kati mwa cipinda ca opareshoni, momwe mpweya wosefedwa utsika kucokera kumwamba ndi kukankhira pfumbi kunja. Amuna a pansi pa mgodi, amene moyo wao udalira mafani, sadzadabwa nayo nzeru iyi. Anasokanso zobvala zophimba dotolo thupi lonse ndi mutu womwe, zokhala ndi paipi yocotsa mpweya wace. Ciwerengero ca ocita mafinya cinatsika kufikira pafupifupi mmodzi pa 100. Akuru anati mutu umodzi susenza denga: ciuno ici cinamangidwa ndi dotolo, katswiri wa mano, mmisiri wa makina, wamalonda wa magiya, ndi wosefa mpweya wa mowa.

Atapsya kamodzi ndi Teflon, Charnley sanafunenso liwiro. Kampani ya Thackray ya ku Leeds, imene inkasula zitsulozo, poyamba sinaloledwe kuzigulitsa kwa dotolo amene sanapite ku Wrightington kukaphunzira. Analemba mbiri ya wodwala ali yense, namtsata caka ndi caka. Anapemphanso odwala ace kuti akadzamwalira ambwezere ciuno cace kuti aone m'mene cinakhalira m'thupi, ndipo ambiri anabvomera. Mfumukazi Elizabeth inampatsa ulemu wa Sir m'caka ca 1977, ndipo anamwalira m'caka ca 1982.

Bondo, ndi za masiku ano

Bondo linabvuta koposa ciuno, pakuti silipindika cabe ngati patta la citseko. Potambasuka lipotokanso pang'ono ndi kutsetsereka. Maondo oyamba a citsulo, onga la Walldius wa ku Sweden la m'zaka za m'ma 1950, anali a mtundu wa citseko, ndipo ankakhwefuka. Frank Gunston wa ku Canada, amene anaphunzira kwa Charnley ku Wrightington, anatengera ku bondo nzeru ya citsulo coyenda pa polyethylene comangidwa ndi simenti ca m'ma 1968. Pofika 1974 John Insall ndi anzace ku New York anali atapanga bondo lokuta nsonga zonse za mafupa, limene liri kholo la maondo ambiri oikidwa lero.

Kodi mfundo zotere zikhala nthawi yotani? M'caka ca 2019 akatswiri a ku Bristol anasonkhanitsa mawerengero a maiko angapo, napeza kuti mwa ziuno 100 zoikidwa, pafupifupi 58 zinali zikugwirabe nchito patapita zaka 25, ndipo mwa maondo athunthu 100, pafupifupi 82. Koma phunziro la Teflon linaiwalika nthawi zina. Makampani ena anabwerera ku mutu waukuru wa citsulo woyenda m'kacikho ka citsulo, nati udzakhalitsa mwa acinyamata. Pfumbi la cobalt ndi chromium linaononga minofu ndi kulowa m'magazi, ndipo m'caka ca 2010 mtundu umodzi, umene unali utaikidwa kale mwa anthu pafupifupi 93,000, unaletsedwa.

Opareshoni iyi icitikanso ku Lusaka ndi ku Blantyre, ndipo ku Malawi anatsegula kaundula wa mfundo zoikidwa m'caka ca 2005, kutsata mwambo uja wa kulemba ndi kulondola wodwala ali yense. Kaundulayo anaonetsa kuti ambiri olandira ciuno kumeneko sanali okalamba odyeka cicerewecere monga ku Ulaya, koma anthu ocepa zaka amene mutu wa pfupa unafa posowa magazi. Cotsekereza cacikuru ndi mtengo, pakuti zitsulo zicokera kunja ndipo madotolo a mafupa ngocepa. Ndiponso mpeni ndiwo cotsiriza: dotolo ayamba ndi mankhwala ocepetsa ululu, kulimbitsa minofu ya mwendo, kucepetsa thupi, ndi ndodo yogwiridwa ku dzanja la mbali yosadwala. Opareshoni ibwera pamene zonsezi zalephera ndipo munthu sagonanso tulo.

Alipo madotolo amene anaicha opareshoni yopambana ya zaka za m'ma 1900, cifukwa ibwezera munthu miyendo yace ndi nchito yace. Koma wofuna kudziwa kumene inacokera asayang'ane mendulo za Sir John zokha. Akumbuke odwala 300 aja amene anagonekedwa kawiri pa tebulo, dotolo amene anaulula kulakwa kwace pamaso pa anzace onse, ndi mmisiri amene anauzidwa kuti ataya nthawi, koma anasiya makina ace akuyenda.